Chibowo pa Chitseko cha Karina

Penshoni itatuluka ndinamanga shedi kuseri kwa nyumba ku Area 49,
malata asanu ndi atatu, benchi ya matabwa otsala padenga.
Zaka makumi atatu ndinayendetsa mabwana a ku Kapitolo.
Ndinati basi, galimoto yangayi ndizikonza ndekha.

Loweruka tinalowa m'tauni ndi Sekanawo, mwana wanga wachitatu,
wophunzira zowotcherera ku Namitete,
amene zikhatho zake zinaposa kale zanga kukhakhala.

Ku Mchesi tinapeza choyamba,
chimakina chokulunga pamanja, mkuwa m'bokosi la matabwa,
cholira ngati njuchi zotsekeredwa m'mgolo.
Mwini wake, a Kamzingeni, maso ali psuu,
anachisisita pamsana. "Ichi sichifa, mdala.
Mageti onse a ku Kawale ndi ana ake."
Akangokhudzitsa ndodo pachitsulo
babu la pa okala yoyandikana linkaphethira,
wometa tsitsi n'kutukwana kuseri kwa katani.
Ndinachikonda pomwepo.
Ine ndimakhulupirira chinthu cholemera,
choti wakuba ayambe wakaitana anzake atatu.

Sekanawo anangofunsa,
"Timayunitsi tanu tija tidzafika Lachiwiri?"

M'sitolo ina ku Malangalanga anatitsitsira kabokosi kofiira,
ati inveta, kali ndi lamba wokolekera paphewa
ndi kabatani kochepetsera moto.
Ndinakanyamula ndi zala ziwiri, n'kuseka:
kameneka n'kawailesi?
Wogulitsa anavomera chimodzi chokha,
kuti magetsi akabwera mwaukali kamafa kamodzi,
ndipo odziwa m'mimba mwake ndi owerengeka.

Ku Biwi, pansi pa mtengo wa kesha,
mnyamata atagona chagada kunsi kwa minibasi
ankasoka ekizozi ndi lawi la kabaidi,
kalilime kabuluu kosadikira kuti magetsi ayake.
Koma fungo lake, ndi chigubu chija chotokota,
ndinakumbukira kuti shedi yanga yatsamira zenera
la chipinda chogona adzukulu.

Achinayi tinangowaonera pakhomo la galaja ku Kanengo:
waya wotuluka wokha ngati ulusi wa kangaude,
silinda ya gasi itaima pambali ngati mlonda,
msoko wosalala, telala angachite nsanje.
Mtengo wake? Ndigulitse Karina,
ndibwere nawo kunyumba ndilibe choti ndiwotcherere.

Ndinabwerera ku Mchesi Lolemba, ndekha.
Anyamata anayi anachitsitsa pa lole akubuula.
Geti linagwira. Khola la nkhuku linagwira.
Neba anabweretsa wilibala, inapita kwawo ili ndi mwendo.
Ndiye ndinayang'ana chitseko cha Karina,
pamene dzimbiri linadya m'munsi mwa chogwirira.

Ndinangokhudza kamodzi.
Panatuluka kabowo ngati diso la nkhuku.
Ndinati nditseke, kanathawira kumanja,
ndinakatsatira, kanakula,
mpaka dzira likanadutsa osakhudza m'mbali.
Usiku umenewo maso anadzaza mchenga,
ndinagona ndi zidutswa za mbatatesi pazikope,
mayi ake a Sekanawo akuseka m'bulangeti, ndikuwamva.

Lamulungu anafika ndi kabokosi kobwereka m'chikwama.
Sanandinene.
Anadula kachigamba pa chitseko cha firiji yakufa,
anapotoza kabatani mpaka pansi,
anasankha ndodo yowonda ngati udzu wa tsache.
Kadontho. N'kudikira.
Kadontho kena kutsidya. N'kudikira,
akuuzira ngati phala la mwana.
"Lata sililamulidwa, bambo. Mumalinyengerera."
Ine ndinagwira galasi lakuda, ndikumupatsira ndodo,
ngati mmene iye ankandipatsira masipanala ali ndi zaka zisanu.

Lero m'shedi muli onse awiri.
Chachikulu chili pakona, chimadikira mageti ndi mawindo.
Kakang'ono ndikulipirabe, kwatsala miyezi iwiri.
Chitseko chija sindinapake penti.
Ndikaima pa maloboti a ku Area 18,
ndimatulutsa dzanja pazenera,
chala n'kumayenda pa timadontho take, kuwerenga.
Ndi makumi awiri ndi kasanu ndi kamodzi.